Kachebere: Sukulu ya Zaka Zambiri

Munthu wocokera ku Lilongwe kulowera kumadzulo pa mseu wa ku Chipata amapitirira boma la Mchinji, ndipo asanaoloke malire a Malawi ndi Zambia amaona phiri la Kachebere. Patsinde pa phirilo pali nyumba zazikulu za njerwa, ndizo nyumba za seminale yaikulu ya Antonio Woyera, sukulu yophunzitsa anyamata ofuna unsembe mu Mpingo wa Katolika. Sukulu imeneyi inatsegulidwa m'caka ca 1939, pamene m'dziko lonse la Nyasaland munalibe sekondale sukulu ngakhale imodzi. Blantyre Secondary School inatsegulidwa mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, ndipo ya boma ya ku Dedza mu 1951. Motero m'masiku amene ana ambiri a m'midzi anali kulekeza sukulu atangodziwa kuwerenga ndi kulemba kalata, pa Kachebere panali anyamata a ndevu amene anali cikhalire pa benci, ena atatha kale zaka khumi ndi mphambu ali pa sukulu.

Mbiri ya malo ano iyankha funso limene eni masukulu a mitundu yonse amakomana nalo. Anthu akagwirizana kuti acinyamata akhale pa maphunziro nthawi yaitali koposa kale, kodi sukulu imene iwasunga imaona zotani? Kulamula kuti zaka zionjezedwe nkosabvuta, pakuti kulamulako kumatha ndi colembera ndi pepala. Koma caka ciri conse coonjezedwa cimafuna mphasa yogonapo, nsima ya tsiku ndi tsiku, mphunzitsi ndi buku, ndipo zimenezi zimagwera sukulu. Akulu anati walira mvula walira matope. Kachebere inalandira mvulayo pamodzi ndi matope ace.

CIYAMBI CA MISYONI

Dziko la kuzungulira Kachebere ndi la Acewa ndi Angoni a Mpezeni. Nkhondo ya Mpezeni ndi Azungu inatha mu 1898, ndipo Azungu anali ndi malinga awiri mbali ziwiri za malire, Fort Manning ku Nyasaland ndi Fort Jameson ku Rhodesia. Maina amenewa anasinthidwa maiko atalandira ufulu, nakhala Mchinji ndi Chipata.

Ansembe a cipani ca Montfort anafika pa Nzama, ku Ntcheu, mu 1901. Ansembe a cipani ca White Fathers, motsogozedwa ndi Bambo Mathurin Guillemé, anatsegula misyoni pa Chiwamba ndi pa Mua mu 1902, ndipo caka cotsatira, 1903, anamanga pa Kachebere. Poyamba Kachebere inali misyoni monga ina iri yonse. Ansembe anali kuyenda m'midzi, natsegula masukulu ang'onoang'ono a udzu, naphunzitsa aphunzitsi a m'midzi amene maphunziro ao anali aafupi. Mnyamata wodziwa kuwerenga, kulemba ndi katekisimu anali kupatsidwa mudzi wace woti aziphunzitsa. Njira imeneyi inali yacangu ndi yosadya cuma cambiri, ndipo ndi aphunzitsi otere amene anafalitsa Mpingo m'midzi.

Koma unsembe unali nkhani ina. Pa nchito imeneyi Mpingo sunalole njira yacidule.

LAMULO LOCOKERA KUTALI

Lamulo lakuti ansembe aziphunzira m'nyumba yapadera linaikidwa kale lomwe, pa msonkhano waukulu wa mabishopu mu mzinda wa Trent, m'caka ca 1563. Buku la malamulo a Mpingo la 1917 linachula zaka zace: zaka zosacepera 2 za filosofi, ndiko kuphunzira kuganiza ndi kusanthula zinthu mwa dongosolo, ndi zaka 4 zathunthu za teolojia, ndiwo maphunziro a za Mulungu, Baibulo ndi malamulo a Mpingo. Zaka 6 zimenezi zinali za seminale yaikulu yokha. Mnyamata asanafikeko anayenera kutha sukulu ya kumudzi, ya pa misyoni, ndi zaka zina zambiri za seminale yaing'ono, kumene anali kuphunzira Cilatini.

Panali Azungu ena amene anali kuganiza kuti munthu wakuda safunika maphunziro onsewo, kuti apatsidwe pang'ono cabe nakhale wothandiza ansembe acizungu masiku ace onse. Papa Benedict XV anakana maganizo amenewa m'kalata yace ya mu 1919. Iye analamula kuti ansembe a m'maiko a misyoni aphunzitsidwe mokwanira, monga anzao a ku Ulaya, kuti tsiku lina adzathe kutsogolera anthu a mtundu wao. Papa Pius XI anabwerezanso mau omwewo mu 1926. Tsono zaka zambirizo zinali ndi nkhope ziwiri. Mbali ina zinali katundu wolemera pa mnyamata ndi pa sukulu. Mbali ina zinali umboni wakuti wansembe wakuda sadzakhala wocepa pamaso pa wansembe woyera, pakuti onse awiri anapyola pa khomo limodzi.

Zotsatira zace zinaoneka msanga: ansembe oyamba anacedwa kupezeka. Ku Uganda a White Fathers anafika mu 1879, koma ansembe oyamba a dzikolo anadzozedwa mu 1913. Ku Nyasaland seminale yaing'ono ya a White Fathers inayambira pa Mua nisamukira ku Kasina, m'boma la Dedza, ndipo a Montfort anali ndi yao pa Nankhunda, ku Zomba. Anyamata owerengeka amene anatsiriza seminale yaing'ono anali kutumizidwa ku Kipalapala, pafupi ndi Tabora m'dziko la Tanganyika, ulendo wa masiku ambiri. Mmodzi wa iwo anali Cornelius Chitsulo, wobadwa mu 1909, amene anadzozedwa mu 1937 nakhala wansembe woyamba wa dziko lino. Kucokera pa kufika kwa ansembe pa Nzama kufikira tsiku limenelo panapita zaka 36.

KUTSEGULIDWA KWA SEMINALE

Ulendo wa ku Tanganyika unali wobvuta ndi wodya ndalama, ndipo mnyamata wopita kumeneko anali kutha zaka osaona abale ace, osamva cinenero ca anthu amene adzawatumikire. Cifukwa cace mabishopu anagwirizana kuti pakhale seminale yaikulu kuno komwe, yolandira anyamata a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia. Kachebere inasankhidwa, m'masiku a Bishopu Oscar Julien, ndipo malo ace anali oyenera, popeza inali pakati pa maiko awiriwo. M'masiku amenewo malire sanali kubvuta munthu. Onse awiri anali maiko a pansi pa Angerezi, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri anali a cinenero cimodzi ndi mitundu imodzimodzi.

Caka ca 1939 cinali comwe nkhondo yaikulu yaciwiri inayamba ku Ulaya. Ansembe ambiri a White Fathers anali ocokera ku France, Holland, Canada ndi maiko ena, ndipo thandizo la misyoni linali kucokera komweko. Nkhondo itayamba, zombo zinasowa, makalata anacedwa, ndipo ansembe atsopano sanathe kufika monga kale. Sukulu yofuna zambiri inabadwa pa nthawi ya kusowa.

MTENGO WA CAKA CIMODZI

Kuti munthu amvetse katundu wa sukulu yotere, ayenera kuwerenga monga amawerengera mwini nkhokwe. Sukulu imene ilandira anyamata 20 caka ciri conse, ngati maphunziro ace ali a zaka 2, imasunga anyamata 40. Sukulu yomweyo, yolandira anyamata 20 omwewo, ngati maphunziro ace ali a zaka 6, imasunga 120. Ikaonjezapo caka cimodzi cokha, imasunga 140. Koma oturuka caka ciri conse sapitirira 20. Kutalikitsa maphunziro kumacurukitsa pakamwa podyetsa, koma sikucurukitsa anchito oturuka. M'caka cimene zaka zionjezedwa, mwina sipaturuka munthu ndi mmodzi yemwe, cifukwa amene akadatsiriza atsalira.

Katundu woyamba ndiye cakudya. Ophunzira a pa seminale yaikulu si ana ai, ndi amuna a zaka 20 kufikira 30, msinkhu umene kumudzi munthu amakhala ndi munda wace ndi nkhokwe yace. Makolo ao sakanatha kulipira mtengo wa zaka zonsezo, ndipo katundu anali pa mabishopu ndi pa zopereka za Akristu a maiko akutali. Cifukwa ca ici maseminale a White Fathers anali ndi minda ndi ziweto, ndipo ophunzira anali kugwira khasu pa nthawi yace. Nchito ya manja inali kuwerengedwa ngati gawo la maleredwe, koma inalinso yocepetsa mtengo wa cakudya. Caka ca cilala, monga 1949 pamene njala inagwa m'dziko, nyumba iri yonse yosunga anthu ambiri inali kuona nkhawa imene sukulu ya masana, yobweza ana kwao madzulo, siidziwa.

Katundu waciwiri ndiye aphunzitsi. Mwana wa Sitandade 1 angathe kuphunzitsidwa ndi munthu amene anafika Sitandade 6. Koma wophunzira wa caka cacisanu ca seminale yaikulu afuna mphunzitsi amene anapitirira pamenepo, wodziwa Baibulo m'zinenero zace zakale, kapena malamulo a Mpingo, kapena mbiri yace. Anthu otere anali ocepa, ndipo wansembe ali yense woikidwa pa Kachebere anali wocotsedwa ku misyoni ina kumene midzi yambiri inali kumyembekeza. Maphunziro akamakwera, mphunzitsi mmodzi sangathe kuphunzitsa zonse. Ngakhale kalasi likhale la anyamata asanu, lifuna aphunzitsi ocuruka monga la anyamata makumi asanu.

Katundu wacitatu ndiye mabuku ndi cinenero. Kufikira zaka za m'ma 1960 maphunziro akuluakulu a m'maseminale anali m'Cilatini. Mnyamata wolankhula Cinyanja, Cibemba kapena Citumbuka kwao anayenera kudziwa Cingerezi, ndipo pamwamba pace Cilatini cokwanira kumvera mphunzitsi ndi kuyankha mayeso. Zaka zambiri za seminale yaing'ono zinali kuthera pa kukonzekera cimeneci. Mabuku onse anali ocokera kutsidya la nyanja.

Panalinso mwambo wina wa a White Fathers umene unatalikitsa njira. Wophunzira asanatsirize anali kutumizidwa ku misyoni kukayesedwa, kuti akaphunzitse sukulu ndi kukhala pakati pa anthu, akulu akumpenyetsetsa. Akakhoza anali kubwerera ku seminale kukatsiriza. Mwambo umenewu unali wanzeru, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha, koma unacedwetsanso tsiku la kudzozedwa.

OTSALA M'NJIRA

Njira ikatalika, otsala m'njira amacuruka. Ici ndico cobvuta cacikuru ca sukulu iri yonse ya zaka zambiri, ndipo pa Kachebere cinali ndi zifukwa zace za kumudzi.

Pakati pa Acewa mnyamata wofika msinkhu anali kuyembekezeka kukwatira, kukalowa cikamwini, ndi kuthandiza alongo ace ndi ana ao monga mwini mbumba. Pakati pa Angoni anali kuyembekezeka kubala ana okuza dzina la bambo wace. Mwana wopita ku seminale anali kukana zonsezi, ndipo makolo ena anali kumuona ngati wotayika. Anzace obadwa nao caka cimodzi anali kupita ku Halale kapena ku Joni, nabwerako ndi njinga, zobvala ndi ndalama za msonkho, iye akali kuloweza mau a Cilatini. Caka ciri conse pa chuti anali kumva madandaulo a amai ndi a atsibweni. Si onse amene anatha kupirira kufikira mapeto. Ena anacoka okha, ena anabwezedwa ndi akulu a sukulu, ena analekezera pa matenda.

Kwa mwini nkhokwe, mnyamata wocoka m'caka cacinai anali ngati mbeu yodyedwa ndi mbalame itatsala pang'ono kuca. Koma dziko silinataye kanthu. Munthu wotere anali ndi maphunziro oposa a anthu ambiri a nthawi yace, ndipo ocoka m'maseminale anakhala aphunzitsi, alembi a m'maofesi ndi atsogoleri a m'mipingo yao. Tsono sukulu yomangidwira nchito imodzi inali kuphunzitsiranso dziko anthu a nchito zina, pa mtengo wace wokha.

Bvuto limeneli linakula pamene makomo ena anatseguka. Kale mnyamata wanzeru wa Cikatolika analibe kwina kopitirizira maphunziro. Masekondale atayamba, ndipo makamaka maiko atalandira ufulu mu 1964, boma linafuna anthu ophunzira m'maofesi amene Azungu anali kusiya. Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira ace oyamba mu 1965, ndipo ya Zambia mu 1966. Mnyamata anayamba kuyerekeza njira ziwiri: ina yaifupi yokhala ndi malipiro pamapeto pace, ina yaitali yopanda malipiro ndi yopanda banja. Kuyambira pamenepo seminale inayenera kupikisana ndi masukulu ena pofuna anyamata omwewo.

Ndipo popeza ansembe anali kuturuka pang'onopang'ono pamene Akristu anali kucuruka msanga, nchito yambiri ya m'midzi inatsalabe m'manja mwa aphunzitsi ndi akulu a mpingo. Wansembe mmodzi anali kuyendera midzi yambirimbiri, nafika pa mudzi umodzi kamodzi pa miyezi ingapo.

ZIPATSO ZA KUDEKHA

Munthu akafunsa ngati zaka zonsezo zinapindula, yankho liri m'maina a anthu amene anapyola pa Kachebere.

James Chiona, wobadwa mu 1924, anadzozedwa unsembe mu 1954, ndipo mu 1967 anasankhidwa kukhala Arkibishopu wa Blantyre, Mmalawi woyamba pa mpando umenewo. Emmanuel Milingo, wa ku Mnukwa pafupi ndi Fort Jameson, anabadwa mu 1930, nayamba sukulu ali ndi zaka 12 atakulira kubusa. Anaphunzira ku Kasina ndi ku Kachebere, nadzozedwa mu 1958, ndiko kuti anatha zaka 16 pa ulendo wa maphunziro. Anakhala Arkibishopu wa Lusaka mu 1969, ngakhale m'ukalamba wace anadzasiyana ndi Mpingo wa Roma. Medardo Mazombwe, wobadwa mu 1931, anadzozedwa mu 1960, nakhala bishopu wa Chipata, pambuyo pace Arkibishopu wa Lusaka, ndipo mu 2010 anakwezedwa kukhala Kadinala. Patrick Kalilombe wa ku Mua, wobadwa mu 1933, anaphunzira pa Kachebere, napitiriza kunja, nadzozedwa mu 1958. Iye anabwerera kudzaphunzitsa pa sukulu yomwe inamlera, nakhala mkulu wace, kufikira anasankhidwa kukhala bishopu wa Lilongwe mu 1972.

Maina amenewa aonetsa kuti cimene Papa analemba mu 1919 cinacitika. Pamene Cornelius Chitsulo anadzozedwa kukhala bishopu wa Dedza mu 1957, ndi pamene ena anamtsatira, panalibe munthu wonena kuti maphunziro ao anali operewera. Nkhani ya Kalilombe ionetsanso cinthu cina. Sukulu ya zaka zambiri imayamba ndi aphunzitsi obwereka, ndipo imaima pa miyendo yace tsiku limene ana ace abwerera kudzaphunzitsa. Pa Kachebere cimeneci cinatenga mbadwo wathunthu.

Kalilombe yemweyo, podziwa kuti ansembe sadzakwanira msanga, anaitanitsa msonkhano wa dayosizi ya Lilongwe kuyambira mu 1973, umene unalimbikitsa miphakati, ndiyo timagulu ta Akristu oyandikana nyumba, opemphera ndi kuthandizana okha. Ndipo pa 8 March 1992, pamene kalata ya mabishopu yodzudzula zolakwika za boma la cipani cimodzi inawerengedwa m'mipingo yonse ya Katolika m'Malawi, dzina la Arkibishopu Chiona linali pakati pa osaina. Caka cotsatira, mu 1993, anthu anabvota kuti dziko likhale la zipani zambiri.

NYUMBA ICEPA

M'zaka zoyamba nkhawa ya pa Kachebere inali kucepa kwa ophunzira. Pofika zaka za m'ma 1960 ndi 1970 nkhawa inatembenuka. Madayosizi anacuruka: Zomba inapatulidwa mu 1952, Dedza mu 1956, Chikwawa mu 1965, Mangochi mu 1969, ndipo ku Zambia kunacitikanso cimodzimodzi. Bishopu ali yense anafuna seminale yace yaing'ono, ndipo mitsinje yonseyo inali kuthira m'dziwe limodzi.

Nthawi yomweyo zophunzira zinaonjezeka. Msonkhano waukulu wa mabishopu wa ku Vatican, wa 1962 kufikira 1965, unalola kuti Misa izicitika m'zinenero za anthu, ndipo unalamula kuti ophunzira unsembe adziwe bwino Baibulo, miyambo ya anthu ao ndi nchito ya ubusa. Cilatini cinacepa, koma m'malo mwace munalowa maphunziro ena ofuna aphunzitsi atsopano ndi mabuku atsopano.

Cinanso cinali malire. Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinatha mu 1963. Malawi analandira ufulu pa 6 July 1964, Zambia pa 24 October caka comweco. Mzere umene kale unali wa pa mapu cabe unasanduka malire a maiko awiri, ali lonse ndi boma lace, ndalama zace ndi ndale zace. Malo amene anasankhidwa cifukwa ca kukhala pakati anasanduka a kumphepete.

Mankhwala ace anali kugawa katundu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mabishopu a ku Zambia anatsegula seminale yao yaikulu pa Mpima, pafupi ndi Kabwe, ndipo mu 1978 anatsegula ya St Dominic's mu Lusaka. Mabishopu a ku Malawi anatsegula ya St Peter's ku Zomba mu 1977, nasamutsirako maphunziro a teolojia. Kachebere inatsala ndi filosofi, ndilo gawo loyamba la ulendo. Nchito imene mu 1939 inakwana m'nyumba imodzi, zisanathe zaka 40 inafuna nyumba zinai m'maiko awiri. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo zaka sizinaleke kuonjezeka. Buku la malamulo la 1983 linasunga zaka 6 monga malire a pansi. Mu 1992 Papa John Paul II analimbikitsa kuti pakhale nthawi ya kukonzekera mnyamata asanayambe filosofi, ndipo malangizo a ku Roma a mu 2016 anaiyesa nthawiyo yofunika kwa onse. M'Malawi caka ca kukonzekeraco cinapatsidwa nyumba yace ku Kasina, malo omwe aja a seminale yaing'ono yakale. Caka catsopano cinafuna denga latsopano.

Kugawa kumeneku kunali ndi mtengo wacenso. Pamene onse anali pamodzi, woyamba kumene anali kudya ndi kupemphera pamodzi ndi wotsala pang'ono kudzozedwa, naona ndi maso ace mapeto a njira. Mcewa, Mlomwe, Mtumbuka ndi Mbemba anali kukhala zaka zambiri pa bwalo limodzi, ndipo mabishopu a mbadwo woyamba a maiko awiriwa anali odziwana kuyambira pa unyamata. Nyumba zitagawika, aphunzitsi, mabuku ndi ndalama zinagawikanso, ndipo cibale ca pa malire cinacepa.

PHUNZIRO KWA MASUKULU ENA

Zimene zinacitika pa Kachebere mwakacetecete, pa zaka makumi anai, zinacitikira dziko lonse mwadzidzidzi mu 1994. M'caka cimeneco boma la Malawi linacotsa malipiro a sukulu za pulaimale, ndipo ciwerengero ca ana cinakwera kucokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Zipinda zinacepa, ana naphunzira pansi pa mitengo. Makoleji a aphunzitsi sanathe kuturutsa aphunzitsi okwanira, ndipo boma linalemba nchito anthu zikwi zambiri osaphunzira uphunzitsi, niliwaphunzitsa mwacidule ali kale pa nchito. Patapita zaka 8 ana amene anapirira anafika pa khomo la sekondale, ndipo patapita zina 4 anafika pa khomo la makoleji, napeza malo ali ocepa. Madzi otsekulidwa kumtunda amafika kumunsi ndithu, ngakhale acedwe.

Pa njira ziwirizi iri yonse inali ndi cotayika cace. Boma linafupikitsa maphunziro a aphunzitsi kuti ana asakhale opanda mphunzitsi, ndipo dandaulo linali lakuti aphunzitsiwo sanapse bwino. Mpingo unakana kufupikitsa, ndipo dandaulo linali lakuti midzi inakhala zaka zambiri yopanda wansembe. Palibe njira yopanda mtengo. Cimene mbiri ya Kachebere iphunzitsa ndico cakuti oonjeza zaka za maphunziro ayenera kuyamba awerenga zinthu zinai: malo ogona, cakudya, aphunzitsi a maphunziro apamwamba, ndi cimene cidzacitikira otsala m'njira. Mwa zinai zimenezi cobvuta koposa ndico aphunzitsi, pakuti nyumba imamangidwa m'cilimwe cimodzi, koma mphunzitsi wa akulu amaleredwa zaka makumi awiri.

Mnyamata wa ku Mnukwa uja analowa sukulu mu 1942 naturuka mu 1958. M'zaka 16 zimenezo nkhondo ya ku Ulaya inatha, njala ya 1949 inadza nipita, Citaganya cinayamba, ndipo anzace a kubusa anakwatira, ana ao nayamba kusenza madzi. Tsiku liri lonse la zaka zimenezo panali munthu wina amene analima cimanga cimene iye anadya, wina amene anaumba njerwa za cipinda cace, ndi wina amene anasiya misyoni yace kuti adzaime patsogolo pa kalasi. Anthu amenewo maina ao sanalembedwe m'mabuku, koma ndiwo amene analipira zakazo.